Kugula boti la jeti logwiritsidwapo kale ntchito loti muziyendera panyanja ndi banja

Munthu akaima pafupi ndi boti la jeti limene likugulitsidwa, maso ake amathamangira pa utoto wonyezimira, pa mipando yofewa ndi pa wailesi, chikhalirecho ndalama zimene adzawononge m'zaka zikubwerazo zabisala kunsi kwa botilo ndiponso m'chipinda cha injini. Akuluakulu sananame pamene anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Ine ndi mayi a kunyumba tinatha miyezi yambiri tikufunafuna boti loti tizitengera ana kunyanja nthawi ya tchuthi, ndipo maboti amene tinawakana anatiphunzitsa zambiri kuposa limene tinagula. Ndondomeko imene ndikufotokoza pano ndi imene ndingatsatirenso nditati ndikugula lina mawa, ndipo mutu wake ndi wakuti musapereke ndalama musanaone ndi maso anu pampu imene imayendetsa botilo, komanso musanaliyendetse botilo pamadzi.

Yambani ndi kudziwa chimene mukugula. Boti la jeti lilibe pulopela yozungulira poyera kumbuyo kwake monga maboti a injini amene timawaona ndi asodzi. Injini yake imazunguza mapiko achitsulo otchedwa impeller amene ali m'kati mwa pampu, ndipo pampuyo imayamwa madzi kudzera pa bowo la kunsi kwa boti n'kuwalavula mwamphamvu kumbuyo. Madzi olavulidwawo ndi amene amakankha boti. Luso limeneli linakhwimira ku New Zealand, kumene mlimi wa nkhosa wokonda zamakina, Bill Hamilton, ankafuna kukwera mitsinje yosaya ndi yamiyala ya pachilumba cha kummwera kwa dzikolo, momwe pulopela sinkakhalitsa. Boti lake la jeti linayamba kuyenda mu 1954, ndipo mu 1960 maboti a mtundu umenewu anakwera mtsinje wa Colorado ku America molimbana ndi madzi, kudutsa mu Grand Canyon. Kampani ya HamiltonJet ikupangabe mapampu ku Christchurch mpaka lero. Komabe maboti ambiri a banja amene mudzawapeze akugulitsidwa ndi a fibreglass opangidwa ku North America, ndipo injini zake ndi zapachibale ndi zija za tinjinga ta pamadzi totchedwa jet ski.

Chimene chimakopa makolo n'chomveka. Ana akamasambira pafupi ndi boti, kapena akamakwera ndi kutsika kumbuyo kwake, palibe mpeni wozungulira umene ungawateme mwendo, ndipo boti limatha kufika pamadzi osaya pafupi ndi gombe kotero kuti agogo sayenera kuwoloka madzi ofika m'chiuno kuti akwere. Ubwino umenewu ndi weniweni, koma usakupusitseni. Bowo loyamwa madzi limakoka chilichonse chimene chili pafupi, kaya ndi tsitsi lalitali, chitenje, chingwe kapena lamba wa jekete, ndipo madzi otuluka kumbuyo amatha kuvulaza munthu kwambiri. Utsi wa injini nawonso umasonkhana kumbuyo komweko kumene ana amakonda kukhala, ndipo mpweya wa carbon monoxide umene uli mu utsiwo sununkha koma umakomola ngakhale kupha. Lamulo la m'boti mwathu ndi lakuti mwana akalowa m'madzi, injini imazimitsidwa ndipo kiyi amachotsedwa.

Pali zinthu zitatu zimene wogulitsa sadzayamba yekha kukuuzani. Choyamba n'chakuti boti la jeti limakhota pokhapokha pamene pampu ikulavula madzi. Mukaona bwato la asodzi kutsogolo n'kuchepetseratu moto chifukwa cha mantha, chiwongolero chimatsala pang'ono kusowa ntchito ndipo boti limapitirira kumene linkalowera. Chachiwiri n'chakuti pampu imadana ndi udzu, mapulasitiki, mchenga ndi timiyala. Ngati mukulingalira zoyenda mumtsinje wa Shire kapena panyanja ya Malombe, kumene namasupuni ndi udzu wam'madzi zimayandama kwambiri, kapena pa damu la Hartbeespoort ku South Africa limene lakhala likuvutika ndi namasupuni yemweyo, mudzatha nthawi yambiri mukuchotsa zinyalala m'pampu. Chachitatu ndi mafunde. Maboti ang'onoang'ono a jeti anapangidwira madzi odekha, pamene nyanja ya Malawi, imene ndi yaitali makilomita oposa 550, imadzuka ngati nyanja yamchere mphepo ya mwera ikayamba kuwomba m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti. Boti likadumpha pamwamba pa funde, pampu imayamwa mpweya m'malo mwa madzi, injini imalira mopitirira ndipo anthu amagwedezeka mpaka misana kuwawa. Ngati maulendo anu ndi a m'mawa m'mphepete mwa gombe ku Senga Bay, ku Cape Maclear kapena ku Chintheche, boti la jeti lidzakusangalatsani. Ngati mumalota zowoloka madzi akuya kupita kuzilumba zakutali, funani boti la mtundu wina, lalikulu ndi lakuthwa kunsi.

Mukatsimikiza kuti madzi anu ndi oyenera, werengani anthu a m'banja mwanu moona mtima. Kwathu kuno ulendo wa anthu anayi suchedwa kusanduka wa anthu asanu ndi atatu, chifukwa mlamu, msuweni ndi ana a mnansi sangatsale pagombe akungoyang'ana. Boti lopangidwa kufakitale nthawi zambiri limakhala ndi kachikwangwani kosonyeza chiwerengero cha anthu ndiponso kulemera kumene lingasenze, ndipo muziwerengera kulemerako osati mipando, popeza mafuta, chakudya, zakumwa ndi nangula zimalemeranso. Boti la mamita 5 kapena kucheperapo limakwanira banja laling'ono ndipo n'losavuta kukoka ndi galimoto, koma limagunda mafunde mwankhanza. La mamita 6 kapena 7 limakhazikika bwino, ndipo nthawi zambiri limakhala ndi injini ziwiri, kutanthauza kuti injini imodzi ikafa mungathe kubwerera kumtunda ndi inayo, komanso kuti mafuta, oyilo, mapulagi ndi mapampu zonse mudzazilipira kawiri. Musaiwale kufunsa ngati galimoto yanu ingakoke kulemera kwa boti, ngolo yonyamulira botilo ndi mafuta pamodzi, makamaka pa zitunda za msewu wochokera ku Salima kupita ku Lilongwe kapena pa Golomoti.

Mayina amene mudzakumane nawo kawirikawiri ndi Yamaha, Sea-Doo ndi Scarab. Maboti a Yamaha ali ndi chinthu chimodzi chimene ine ndimachiyamikira kwambiri, ndicho bowo lokhala ndi chitsekero kumbuyo kwa boti, limene mumatsegula muli m'boti momwemo n'kupisa dzanja kuchotsa udzu umene wakola pa shafuti (ndodo yachitsulo yozunguza impeller), injini itazimitsidwa. Panyanja imene muli mvuu ndi ng'ona m'malo ena, kusalowa m'madzi kukachotsa zinyalala si nkhani yaing'ono. Kampani ya BRP ya ku Canada, imene imapanga Sea-Doo, inasiya kupanga maboti a jeti a mtundu uwu mu 2012, choncho lililonse la maboti amenewa limene mungalipeze lakhalitsa ndithu. Injini zake za Rotax zikupezekabe ndi zipangizo chifukwa zimagwiritsidwanso ntchito mu jet ski ndi m'maboti a Scarab, koma galasi lakutsogolo, mipando ndi tizitseko ta pulasitiki zikhoza kukuvutani kupeza. Maboti akale kwambiri, a m'zaka za m'ma 1990, ali ndi injini za two-stroke zimene zimawotcha oyilo pamodzi ndi petulo. Mtengo wake umakhala wotsika mokopa, koma zimamwa mafuta, zimafuka utsi ndipo zimafuna mwini wake wokonda kugwira sipanala Loweruka lililonse. Kwa banja, ine ndingalangize injini ya four-stroke, imene siwotcha oyilo pamodzi ndi petulo.

Funsaninso ngati injini ili ndi supercharger, chipangizo chimene chimakankhira mpweya wambiri m'injini kuti ikhale ndi mphamvu zochuluka. Pa injini za Rotax chipangizochi chimafuna kumasulidwa ndi kukonzedwanso pakatha maola amene buku la fakitale limanena, kawirikawiri 100 kapena 200 malinga ndi chaka chimene injiniyo inapangidwa, ndipo chikasweka chifukwa chonyalanyazidwa, tizidutswa take timalowa mu oyilo n'kuwononga injini yonse. Wogulitsa akalephera kukuonetsani lisiti ya ntchito imeneyi, muziona ngati sinachitike. Pokoka ana pa chubu kapena popita kukasambira kuseri kwa chilumba, mphamvu za supercharger simudzazisowa, ndipo injini yopanda chipangizochi imakhala ndi mavuto ochepa. Musanasankhe dzina lililonse, pezani kaye makaniko amene amaidziwa injiniyo kufupi ndi kumene boti lizikhala. Makaniko wodziwa injini za asodzi sikuti amadziwanso pampu ya jeti kapena kompyuta ya injini zamakono, ndipo boti limene palibe angalikonze limangosanduka khola la nkhuku kuseri kwa nyumba.

Maboti otere ndi ochepa ku Malawi, kotero ambiri amagulidwa kwa eni malo ogona alendo m'mphepete mwa nyanja, kwa anthu amene akuchoka m'dziko, kapena ku South Africa, makamaka kufupi ndi damu la Vaal ndi madamu ena a m'chigawo cha Gauteng ndi madera oyandikana nacho. Musanawononge ndalama za ulendo, pemphani wogulitsa akutumizireni zithunzi za zikalata. Mukufuna umboni wakuti botilo ndi lakedi, nambala ya thupi la boti, nambala ya injini, mapepala a ngolo ndi malisiti a sevisi. Maboti opangidwa ku America amakhala ndi nambala ya zilembo ndi manambala 12 yodindidwa kumbuyo, kudzanja lamanja, ndipo manambala awiri omaliza amasonyeza chaka cha botilo. Nambala imene ikuoneka kuti inapalidwa kapena kupakidwanso utoto ndi chifukwa chokwanira chobwerera kunyumba. Ku South Africa funsaninso chikalata cha Certificate of Fitness chimene chimaperekedwa chaka ndi chaka pansi pa malamulo a bungwe la SAMSA, loyang'anira chitetezo cha pamadzi m'dzikolo, pamodzi ndi chikalata chotsimikizira kuti boti limayandama ngakhale litadzaza madzi. Funsani mosapita m'mbali ngati botilo lili ndi ngongole kubanki, ndipo musatumize chikole kwa munthu amene mwangomudziwira pa Facebook, boti musanalikhudze ndi dzanja lanu.

Tsiku lokaona boti, muuzeni wogulitsa kuti asalize injini inu musanafike, ndipo mukafika ikani dzanja pa injiniyo kuti mumve ngati ndi yozizira. Injini yovuta kulira m'mawa imabisa matenda ake ikatenthetsedwa kale. Tengani tochi yowala bwino, nsanza yoyera ndi zovala zimene simungadandaule zikada, ndipo ngati n'kotheka tenganinso makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Zungulirani thupi la boti mukuligogoda pang'onopang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Pamene pali polimba pamalira momveka bwino, pamene palowa madzi kapena pamatuka pamalira ngati mukugogoda dzungu lowola. Timizere ting'onoting'ono pa utoto si vuto lalikulu, koma ming'alu yozama pafupi ndi pampu, kapena chigamba chachikulu cha mtundu wosiyana kunsi, zimasonyeza kuti boti linagundapo mwala. Pondani paliponse m'kati mwa boti ndipo mumve ngati pansi pakunyendera.

Tsopano gonani chagada pansi pa ngolo. Apa ndi pamene ogula ambiri amachita manyazi, makamaka akavala bwino ndiponso mwini boti akuwayang'ana, koma mphindi zisanu zimenezi ndi zimene zimapulumutsa ndalama. Kunsi, cha kumbuyo, mudzaona bowo lotchingidwa ndi timipiringidzo tachitsulo. Walitsani tochi m'katimo ndipo mudzaona shafuti ikulowa mu impeller. Mapiko a impeller ayenera kukhala osalala ndi akuthwa mofanana, opanda mano ndi osapindika. Kenako yang'anani mkombero umene wazungulira impeller, umene amakaniko amautcha wear ring. Mpata wa pakati pa mapiko ndi mkomberowo uyenera kukhala wochepa kwambiri, wosakwana ngakhale milimita imodzi, chifukwa mpatawo ukakula madzi amathawira m'mbali ndipo pampu imataya mphamvu. Boti lina limene tinakaliona linali lokongola moti ana anali atasankhana kale mipando. Nditawalitsa tochi, ndinaona kuti mkombero wake unali ndi mizere yozama ngati munda wongolimidwa kumene, ndipo pa shafuti panali patakulungika ulusi wa ukonde wobiriwira umene unali utadya kale labala wotchinga madzi. Mwini wake, bambo aulemu wawo ndithu, anagwada pambali panga n'kunena kuti, "Achimwene, kunena zoona ine sindinayambe ndasuzumirapo m'menemo." Ndinawakhulupirira, koma botilo sitinagule. Mkombero ndi impeller zimasinthika pa mtengo wopiririka, koma zikaonongeka chotero zimakuuzani mmene botilo linkasamalidwira, ndiponso kuti mchenga womwewo unadutsa m'njira zoziziritsira injini.

Mukadzuka, pitani kumbuyo ndipo muyang'ane m'pampu kuchokera kumlomo wotulukira madzi. Pemphani wina apotoze chiwongolero uku ndi uku, ndipo mlomowo uzitsatira mosavuta, popanda kulimba kapena kugwedera. Asunthenso ndodo ya giya kuti muone chitsulo chonga chibekete chimene chimatsika kutseka mlomowo. Chibeketecho ndi chimene chimabweza madzi kuti boti libwerere m'mbuyo kapena liime malo amodzi, popeza maboti ambiri a jeti alibe giya yeniyeni, ndipo impeller imazungulira nthawi yonse imene injini ikulira. Zingwe zachitsulo zoyendetsa mlomo ndi chibekete zimachita dzimbiri m'kati, ndipo zikalimba zimadzaduka tsiku limene mukuzifuna kwambiri.

M'chipinda cha injini gwiritsani ntchito mphuno musanagwiritse ntchito maso. Fungo la petulo ndi chenjezo loopsa, chifukwa mpweya wa petulo umakhazikika pansi m'chipinda chotsekedwa ndipo kamoto kamodzi kamakwanira kuphulitsa boti. N'chifukwa chake mabotiwa amakhala ndi kafani kotulutsa mpweya kamene kamayatsidwa kwa mphindi zinayi injini isanalizidwe, ndipo muonetsetse kuti kakugwira ntchito. Solani ndodo yoyezera oyilo n'kuipukuta pa nsanza yoyera ija. Oyilo wakuda amangofuna kusinthidwa, koma oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti wasakanikirana ndi madzi, ndipo boti lotero lisiyeni pokhapokha ngati makaniko wanu wapeza chifukwa chake ndipo mtengo watsika moyenera. Yang'anani m'makoma a chipindacho ngati muli mzere wa matope wosonyeza kuti madzi anafikapo pamwamba, chifukwa boti limene linamirapo limavutitsa mawaya kwa moyo wake wonse. Ufa woyera pa zitsulo za aluminiyamu, mabawuti adzimbiri ndi mawaya obiriwira kumapeto kwake ndi zizindikiro za boti limene linkayenda m'madzi amchere, monga a ku Durban kapena ku Cape Town, osatsukidwa bwino pambuyo pake. Finyani mapaipi a labala kuti mumve ngati auma kapena ang'ambika. Pa maboti a Sea-Doo onetsetsaninso pamene shafuti imatulukira m'thupi la boti, pomwe pali chotchinga madzi chotchedwa carbon seal, chifukwa chikatha madzi amalowa mwakachetechete.

Makaniko wanu achotse mapulagi ndi kuyeza compression ya silinda iliyonse, ndiko kuti mphamvu imene silindayo imapanikizira mpweya. Chofunika kwambiri n'chakuti masilinda onse afanane, osasiyana kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi. Ngati pali mwayi wolumikiza injini ku kompyuta ya kwa dilala, chitani zimenezo, pakuti kompyutayo imaonetsa maola enieni amene injini yagwira ntchito ndiponso zolakwika zimene inasunga. Za maolawa anthu amalakwitsa kawirikawiri poganiza kuti ochepa ndiye abwino nthawi zonse. Boti la zaka khumi limene layenda maola 40 okha lakhala nthawi yaitali litangoima, mafuta akuwola m'thanki ndi malabala akuuma, ndipo ine ndingasankhe la maola 300 lokhala ndi malisiti a sevisi ya chaka chilichonse.

Wogulitsa angakuuzeni kuti palibe chifukwa chopita kumadzi, aliza injini pabwalo pomwepo ndi paipi ya madzi. Mulekeni alize, ndipo muone ngati akudziwa dongosolo lake, limene ndi kuliza injini kaye kenako kutsegula madzi, ndipo pomaliza kutseka madzi kaye kenako kuzimitsa injini. Amene amatsegula madzi injini isanalire amatha kudzaza madzi m'masilinda kudzera m'njira ya utsi, ndipo mukamuona akuchita zimenezo mudziwe kuti mwina wakhala akuchita kwa zaka. Koma kuliza kwa pabwalo kumangotsimikizira kuti injini imalira basi. Pampu yakutha, boti lolowa madzi ndi injini yotentha ikalemedwa sizioneka pamtunda. Wogulitsa akakana kupita kumadzi ngakhale mwadzipereka kugula mafuta a tsikulo, tsanzikanani naye mwaulemu.

Pamadzipo musafulumire, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Boti likangotsika pa ngolo, tsegulani chipinda cha injini ndipo muone ngati pansi pake ndi pouma, kuti mudzayerekeze mukabwerera. Tengani anthu olemera mofanana ndi banja lanu, chifukwa boti lonyamula anthu awiri limanamiza. Mukafika pamadzi akuya, wonjezani moto wonse kuchokera poima. Boti labwino limadzuka nthawi yomweyo n'kukhazikika pamwamba pa madzi. Injini ikalira kwambiri koma boti likuzengereza ndi kunjenjemera, monga galimoto imene kilatchi yake yatha, ndiye kuti pampu ikuyamwa mpweya kapena mkombero uja watha. Yang'anani geji ya kuzungulira kwa injini pa liwiro lonse n'kuyerekeza ndi zimene buku la fakitale limanena, ndipo ngati injini zili ziwiri, zizifanana. Yendani kwa theka la ola kapena kuposerapo kuti injini itenthe mokwanira, mukumvetsera ngati alamu ikulira. Kenako zimitsani, dikirani mphindi zingapo n'kulizanso, popeza matenda ena amaoneka injini ikatentha. Yesani kubwerera m'mbuyo, yesani kuyenda pang'onopang'ono ngati mukufika padoko, ndipo solani chingwe chozimitsira injini chimene woyendetsa amamanga padzanja kuti muone ngati injini ikuzima pomwepo. Mulole amene adzayendetsenso botilo m'banja mwanu aligwire tsiku lomwelo. Mayi a kunyumba ndi amene anazindikira kuti boti lina linkawakhalira pansi kwambiri moti sankaona kutsogolo ana akakhala kumphuno kwake, chinthu chimene ine sindikanachiona. Mukabwerera kumtunda, tsegulani kabowo kotayira madzi kumbuyo ndipo muone kuchuluka kwa madzi amene atuluke. Kapu imodzi kapena ziwiri si kanthu, koma ndowa yathunthu ikufuna kufotokozedwa.

Ngolo musaiderere, chifukwa ndi imene idzasenze botilo makilomita ambiri kuposa amene lidzayende pamadzi. Onani dzimbiri m'kati mwa zitsulo zake, ming'alu m'mbali mwa matayala, magetsi, chingwe chokokera boti ndi mabuleki ngati ilinawo. Inyamuleni ndi jeke n'kuzunguza tayala lililonse, ndipo likamalira kapena kugwedera ndiye kuti mabeyaringi atha. Mabeyaringi a ngolo ya boti amamizidwa m'madzi ali otentha ndipo satha kukhalitsa. Ngati mukukoka boti kuchokera ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza, sinthani mabeyaringi ndi matayala musananyamuke, ndipo munyamule ena apadera.

Pokambirana mtengo, lembani zonse zimene mwapeza pamodzi ndi mtengo wokonzera chilichonse, ndipo muyambire pamenepo m'malo mongopempha kuti akuchotsereni. Wogulitsa woona mtima savutika kumva zimenezi akaona kuti mwayang'ana mosamala. Musathere ndalama zonse pa kugula. Siyani gawo labwino la sevisi yoyamba, batire, majekete, inshuwalansi ndi zimene zidzatulukire m'miyezi yoyambirira, pakuti pa boti lakale sizilephera kutuluka. Mgwirizano ulembedwe, ukhale ndi mayina a nonse awiri, nambala za boti, injini ndi ngolo, mtengo, tsiku ndiponso mndandanda wa zinthu zimene zikupita ndi botilo, monga chivundikiro, nangula ndi makiyi onse. Pa Sea-Doo makiyi amalembetsedwa mu kompyuta ya injini, choncho kutaya kiyi mmodzi yekhayo amene muli naye kumafuna dilala. Ngati boti likuchokera kunja, funsani bungwe la Malawi Revenue Authority kapena ejenti wovomerezeka za msonkho musanagule, osati boti litafika kale pachipata, chifukwa msonkho ukhoza kusintha chiganizo chonse. Likafika, pitani ku Dipatimenti ya Zapamadzi, imene ili ndi maofesi ku Monkey Bay ndipo imayang'anira maboti pansi pa lamulo la Inland Waters Shipping Act, kuti akuuzeni za kulembetsa, kuyezetsa boti ndi chiphaso cha woyendetsa. Amene mukukhala ku South Africa mudziwe kuti kuyendetsa boti la injini ya mphamvu zoposa mahatchi 15 kumafuna chiphaso cha skipper, ndiye kuti woyendetsa boti. Ngati mukufuna kuyenda cha ku Cape Maclear, kumbukirani kuti zilumba ndi madzi ozungulira ena mwa magombe a kumeneko ali m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, ndipo funsani oyang'anira malowo za malamulo ake.

Boti likakhala lanu, musalitengere banja sabata yoyamba. Sinthani oyilo, sefa ndi mapulagi, tsanulani mafuta akale ndipo muyang'anitse mapaipi a mafuta. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo ethanol amakoka chinyezi komanso amadya malabala akale, kotero si bwino kusiya mafuta m'thanki miyezi yambiri boti lisakuyenda. Gulani jekete yoyandamitsa ya munthu aliyense, ndipo za ana zikhale za msinkhu wawo, zokhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo, pakuti jekete ya munthu wamkulu imangovuka mwana akagwera m'madzi. Onjezani chozimitsira moto, nangula ndi chingwe chokwanira, nkhafi imodzi, mpeni wodulira chingwe chokola m'pampu, ndi foni yosungidwa m'thumba losalowa madzi. Kenako pitani m'mawa nyanja ili bata, inu ndi munthu wamkulu mmodzi, mukaponye chigubu chopanda kanthu pamadzi n'kuphunzira kuchiyandikira, kuchizungulira ndi kuima pambali pake mpaka manja atazolowera kuti kukhota kumafuna moto pang'ono.

Chizolowezi chomaliza choti muphunzire ndi cha pagombe, ndipo ine ndinachiphunzira nditalipira mkombero watsopano. Pofika kumtunda, zimitsani injini madzi akadali ofika m'chiuno, boti lipite lokha kapena mulikoke ndi manja, ndipo mphuno yake ndiyo iyang'ane kugombe. Ponyamuka, likankhireni kumadzi ofika m'chiuno omwewo, ligwedezeni kumbuyo kangapo kuti mchenga umene walowa m'bowo ugwe, werengani ana, onetsetsani kuti zingwe zonse zili m'boti, ndipo mukatero lizani injini. Asodzi a pamalopo muwapatse moni ndi kuwafunsa kumene atchera maukonde ndiponso mmene akuionera mphepo ya tsikulo, ndipo akakuuzani kuti mwera ubwera masana, konzani ulendo wanu kuti pofika nthawi ya nkhomaliro boti likhale lili pa ngolo.